Makadi Amene Anawotchedwa pa Uvuni wa Mlamba

Chaka chimene mwana wanga woyamba analowa sitandade wani, kumudzi kwathu kuno kufupi ndi Kachulu kunabwera mtsikana wa ku yunivesite. Anafika ndi alangizi athu a zaumoyo, atanyamula katoni ya timabotolo tapulasitiki. Anati akuchita kafukufuku wa likodzo, matenda aja okodza magazi amene ana amatenga posamba kudambo. Ankafuna mikodzo ya ana kuti akaiyeze ku Zomba, ndipo pakatha milungu yochepa adzabweretse zotsatira, odwalawo alandire mankhwala.

Amayi a m'mudzi anakana. Kwathu kuno mkodzo, tsitsi kapena chikhadabo cha mwana supatsa mlendo. Ine sukulu ndinalekeza sitandade seveni, koma kuwerenga ndimatha, ndiye alangizi anandipempha kuti ndiwerengere anzanga pepala limene mtsikanayo anabwera nalo. Ndinaliwerenga mokweza pabwalo la sukulu, osadumpha liwu. Linanena kuti kholo lililonse lidzauzidwa zotsatira za mwana wake. Pansi pake anasayinapo anthu atatu: mtsikanayo, mphunzitsi wake, ndi munthu wina amene analembedwa kuti Dini, pambali pali chidindo. Nditamaliza ndinatenga kabotolo koyamba n'kumupatsa mwana wanga. Anzanga ataona choncho anayamba kubwera mmodzimmodzi, akudinda chala papepala.

Pamabotolopo sankalembapo dzina, koma nambala. Mwana aliyense ankalandira kakhadi kokhala ndi nambala yomweyo. Mtsikanayo anati atero kuti oyeza asadziwe kuti mkodzo uwu ndi wa mwana wa uje. "Musunge bwino makadiwa," anatero. "Tsiku lobwera ndidzaitana manambala."

Sanabwere. Tinawokera mpunga, tinapalira, tinamweta, tinapuntha, mtsikana osaoneka. Alangizi akamuimbira foni, foniyo sinkagwira.

Amene anayamba kundinena anali mayi a mapasa, oyandikana nawo nyumba, amene kwa zaka takhala tikuyanika matemba pathandala limodzi. Poyamba zinali ngati nthabwala.

"Abiti yunivesite, mwadzuka bwanji? Mikodzo ija akumwa tiyi nayo kutauniko?"

Ndinkaseka nawo. Koma mmodzi wa mapasa awo, kamtsikana kowonda, atadwala malungo kawiri motsatizana, kuseka kunatha. Kumjigo ndikafika nkhani inkaduka. Anayamba kunena kuti mikodzo ya ana inapita kokachitira zizimba, ndipo makadi aja ndiwo chingwe chimene akukokera nacho moyo wa ana. Tsiku lina masana amayi anasonkhana pauvuni wowambira mlamba n'kuponyamo makadi onse. Ine langa sindinaponye. Linali m'buku la kuchipatala la mwana wanga, ndipo ndinalisiya momwemo.

Kunenedwa ndikanapirira. Chimene chinandidzutsa n'chakuti a zaumoyo atabwera kusukulu ndi mankhwala a likodzo omwetsa ana onse, monga amachitira, amayi anabisa ana m'nyumba. Mayi a mapasa anandiuza m'maso muli gwa: "Unatinamiza kamodzi iwe ndi pepala lako. Kachiwiri ayi." Pamenepo kamtsikana kawo kaja ndinali nditakaona kuseri kwa bafa kakukodza kakulira. Ana amenewa anapereka mikodzo chifukwa cha pakamwa panga, ndipo tsopano ankamanidwa mankhwala chifukwa cha pakamwa pomwepo. Ndinawauza bambo a kunyumba kuti ndikupita ku Zomba kukafuna amene anasayina.

"Iwe ukalowa pati? Kumeneko n'kwa ophunzira."

"Pamene analowera mtsikana uja pobwera ndi mikodzo yathu, inenso ndikalowera pomwepo."

Ndinabereka mwana wanga wakhanda, ndinapinda pepala lija ndi khadi m'kajumbo, n'kukwera minibasi pa Kachulu. Ku yunivesite, alonda a pageti analitembenuza pepalalo uku ndi uku, kenaka anandilozera nyumba ina yosanja. Kumeneko mayi wina wolemba makalata muofesi anandifunsa kuti ndikufuna ndani. Ndinaloza mayina atatu aja. Anati mtsikanayo anamaliza maphunziro n'kukayamba ntchito kutali, mphunzitsi wake ali kunja kukawonjezera maphunziro, ndipo a Dini sumangowafikira, umayamba kaye waonana ndi mkulu wa dipatimenti. Zimenezo sizinandivute kumva. Ngakhale kwathu nkhani ya banja imayambira kwa ankhoswe.

Mkulu wa dipatimentiyo anali bambo wamagalasi, patebulo pake mapepala a mayeso ali mbwee. Anandimvetsera, anafufuza m'kompyuta nthawi yaitali, kenaka anapumira m'mwamba.

"Zotsatira zilipo, mayi. Ntchito inagwirika bwino ndithu, mtsikanayo anakhoza nayo. Nambala yanu ndi iti? Ndikuuzani pompano."

"Nanga za anzanga?"

"Abwere ndi makadi awo."

"Makadi anapsa, bambo."

Nditawafotokozera mmene anapsera, anavula magalasi. Anati popanda makadi palibe angadziwe kuti nambala iyi ndi mwana uti. Anabwerezanso kuti za mwana wanga atha kundiuza. Mtima unkafuna, sindinama. Koma ndinaganiza za kumjigo. Ndikanabwerera ndi yankho langa ndekha, akanati mwaona, wake amusamalira, athu anawagulitsa. Ndinawauza kuti ayi, ndidzamva tsiku limene anzanga adzamve.

Bamboyo anandiuza mosabisa pamene mphamvu zawo zathera. Iwo amagawa ntchito kwa aphunzitsi, amaona kuti makalasi akuyenda ndi kuti mayeso achongedwa. Koma kutumiza anthu ndi zipangizo kumudzi, kapena kukambirana ndi akuluakulu a zaumoyo a boma, zimenezo ndi za a Dini, amene amayang'anira madipatimenti angapo pamodzi. Analemba kakalata n'kundipatsa. A Dini tsiku limenelo anali kumsonkhano wa akuluakulu wovomereza zotsatira za mayeso. Ndinadikira pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, ndinabwerera osawaona.

Ndinapitanso Lolemba, anali atachoka. Ulendo wachitatu mayi wa muofesi uja anangondiona n'kuseka.

"Achemwali, inu ndiye simutopa. Lero musakhale pabenchi panjapo, akudutsani. Khalani muno pampando uwu, potuluka apunthwe pa inu."

A Dini anali mayi wa imvi zoyambirira, wovala nsapato zafulati, woyenda mothamanga. Anatuluka atanyamula mafayilo, ndipo anandipeza ndikuyamwitsa. Sindinachotse mwana kubere. Ndinangotambasula pepala ndi dzanja linalo.

"Pepani mayi, dzina ili pansipa ndi lanu?"

Analiyang'ana, anati ndi lawo, nandilowetsa. Anawerenga kakalata ka mkulu wa dipatimenti kawiri. Kenaka anati, ngati akudzilankhulira okha, "Mapepala otere ndimasayina ambirimbiri pa chaka."

"Ife tinadinda limodzi lokha," ndinatero.

Ndinkaganiza kuti ndalakwitsa, andithamangitsa. Koma anaika mafayilo pansi.

"Mwanena zoona. Mukudziwa chifukwa chake dzina langa limakhala pansi penipeni? Wophunzira amamaliza n'kupita. Mphunzitsi amasamuka. Dzina langalo limatanthauza kuti onsewo akachoka, lonjezo limatsala ndi ine. Mtsikana uja tinamuyesa pa zimene analemba m'buku lake, tinamupatsa digiri, koma palibe anamufunsa kuti kodi kumudzi kuja wabwererako? Wofunsa funso limenelo ndinayenera kukhala ine."

Iwo anapitiriza kuti alemba kalata yopepesa, alangizi athu akaiwerenge pamaso pa anthu, ndipo apempha a zaumoyo kuti abwerenso ndi mankhwala.

"Kalata ayi, mayi," ndinatero. "Chimene chinatipweteka ndi pepala. Mukatumiza lina, wowerenga ndikhalanso ine, ndiye andigenda. Mubwere nokha akuoneni."

"Ntchito ndili nayo yambiri, mayi. Mwaona nokha kuti mwandisowa kangati."

"Inenso matemba ndawasiya pathandala katatu konse."

Anaseka, anagwira pakamwa, natenga buku lawo la masiku. Pamenepo ndinalimba mtima ndi kuwauza zonse zimene ndinkaganiza m'minibasi. Mikodzo isachokenso m'mudzi. Ngati chida choyezera chimanyamulika, chibwere, ayezere pamaso pathu, mikodzo yotsalayo mayi aliyense akataye yekha kuchimbudzi. Manambala ayi, aitane mayi n'kumuuza pambali. Abwere masana, asabwere m'mawa, amayi amakhala ali kudooko kupikula nsomba. Asabwere Lachisanu, anzathu achisilamu amakhala ali kumzikiti. Iwo ankalemba. Anati za masanazo zagwirizana, chifukwa mazira a likodzo amaoneka bwino mu mkodzo wa dzuwa lili paliwombo. Koma anandichenjeza kuti sizichitika mawa. Anayenera kukapempha chilolezo ku komiti yoona za kafukufuku, kugwirizana ndi a zaumoyo amene ali ndi udindo wopereka mankhwala, ndi kupeza mafuta a galimoto. Anandiuza mwezi ndi tsiku, ndipo ndinawapempha kuti andilembere tsikulo kuseri kwa pepala langa lija.

Kumudzi palibe anakhulupirira. Mayi a mapasa anati, "Abiti yunivesite abwera ndi bodza latsopano, lakale latha ntchito." Ndinayenda khomo ndi khomo kutchula tsikulo, ena akunditsekera chitseko ndisanamalize.

Tsikulo litafika galimoto inabwera. Munali a Dini, mkulu wa dipatimenti uja, namwino wa boma ndi mayi wina woyeza, atanyamula maikulosikopu, chida choonera tinthu tosaoneka ndi maso. Anaika tebulo pakhonde la sukulu. Amayi anabwera ndithu, koma anaima patali, manja ali m'chitenje, opanda mwana ndi mmodzi yemwe. Anabwera kudzaonerera.

A Dini anakana mpando. Anaima padzuwa, napereka moni, nati:

"Amayi anzanga, amene anakulakwirani ndine. Si mtsikana uja, si alangizi anu, si mayi uyu amene anakuwerengerani pepala. Iyeyu anawerenga zimene ine ndinasayina. Mikodzo ya ana anu inayezedwa n'kutayidwa m'chimbudzi monga mkodzo wina uliwonse, koma ife tinakhala pa mayankho anu osabweretsa."

"Ndiye mwabwera kudzatenga ina, yoyamba ija yatha?" anafuula mayi a mapasa. Anthu anaseka.

"Nenani ndithu, mayi. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma lero palibe dontho likwere galimoto iyi."

Ndinatuma mwana wanga kuchimbudzi ndi kabotolo. Woyeza uja anasefa mkodzo, anaika pakagalasi, anasuzumira, kenaka anandinong'oneza kuti mazira alimo. Mwana amene sanakodzepo magazi, amene ndinkati ali bwino! Anandifunsa ngati ndikufuna kuona, ndinasuzumira. Kanali kanthu kozungulira motalika ngati njere ya mpunga wosapuntha, kokhala ndi kaminga kumapeto. Ndinaweramuka n'kulankhula mokweza kuti onse amve, ngakhale anati ndi chinsinsi changa.

"Wanga ali nalo. Amene akufuna kuona chili m'mimba mwa mwana wanga abwere."

Woyamba kubwera anali mayi a mapasa omwewo, akuti akufuna agwire bodza. Anatsinzina diso lolakwika, amayi n'kufa nako kuseka, kenaka anapeza. Anakhala atawerama nthawi yaitali.

"Kakuyenda?"

"Ayi, ndi dzira," anatero woyezayo.

"Ndiye chimenechi n'chimene chimaboola mwana mpaka magazi?"

Anaweramuka osandiyang'ana, nanyamuka kulowera kunyumba. Ndinkaganiza kuti basi apita. Posakhalitsa anatulukira akukoka mapasa onse awiri, wina dzanja ili wina dzanja ilo. Podutsa pamene ndinaima anati, "Iwe, tandigwirira mmodziyu, sukuona kuti athawa?"

Pofika madzulo mzere unali utazungulira kalasi. Namwino ankaimika ana pandodo yoyezera msinkhu n'kuwapatsa mapiritsi atadya phala. Mkulu wa dipatimenti, bambo wamagalasi uja, ndiye ankatsuka timagalasi m'beseni, malaya atapinda. A Dini asanakwere galimoto anauza alangizi kuti akapereka ganizo kumsonkhano wa akuluakulu anzawo, lakuti wophunzira asamapatsidwe digiri asanabweze mayankho kumene anatenga. Kaya zinatheka, ine sindidziwa, za kumeneko sizifika kuno.

Makomo anayi sanabweretse ana tsiku limenelo. Namwino anati mankhwala awasiya kuchipatala chathu chaching'ono, aliyense wofuna akapeza. M'mawa mwake ndinabereka wakhanda n'kuyamba ndi khomo la kumapeto kwenikweni, kufupi ndi dambo. Mayi wa pamenepo atandiona anayamba kulowa m'nyumba. Ndinakhala pansi pakhonde pake, ndinatenga lichero la mpunga limene anasiya, n'kuyamba kumupetera.