Matabwa a bokosi la abambo alowa m'nyanja

Mwaswera bwanji nonse. Abambo anu aja anditopetsa lero.

Mukukumbukira matabwa a mlombwa tinaoloka nawo kuchokera ku Mozambiki aja, amene eni akewo anati tiwasungire, adzakhale a bokosi lawo la maliro? Anawapereka mwakabisira kwa kalipentala wa ku Chipyela kuti awapangire thabwa losewerera pa mafunde, ngati lomwe abambowo ankakwera ku Durban akugwira ntchito. Akuti kalipentalayo mpaka anawayeza msinkhu!

Masana ano mphepo ya mpoto ili mkati, ndawapeza kugombe ku Yofu, munthu wa zaka 74, ali pathabwalo. Angoimirira kamodzi, funde n'kuwagwetsa. Mano oikirira aja apita ndi madzi.

Ndakalipa mpaka mawu asasa. Iwo kumangoseka, m'kamwa muli nkhama zokhazokha. Akuti, "Mwanawe, matabwawa ndi anga. Bola ndiwakwere ndili maso kusiyana n'kudzagonamo osaona kanthu."

Mawa akuti abwererakonso. Ndiye nenani abale, ndilibise thabwali kapena ndiwasiye? Mtima ukundiwawa ndithu, koma chimwalirireni amayi sindinawaonepo akuseka chonchi.