A Sandifolo Anyamula Mnzawo pa Sikuta

Ku komboni kwathu ku Shurugwi, ku migodi ya kutali ndi Malawi, ukafuna kuti tsiku lithe osagwira ntchito, unkangofunsa a Sandifolo za udalaivala. Ankayamba ndi kukhosomola, kenako n'kukuuza kuti iwo anayendetsa loko pansi pa nthaka kuyambira tsitsi lili lakuda mpaka imvi mbuu, osagunda ngakhale khoswe. Loko ndi kasitima kaja kokoka ngolo za miyala mu mgodi. Dzina la udalaivala ankalikonda kuposa la ubatizo. Ana ankawatchula kuti sekuru Dalaivala, ndiko kuti agogo Dalaivala, ndipo ukangowaitana kuti a Sandifolo, ankayamba ayang'ana kumbali ngati ukuitana munthu wina.

Anachokera ku Ntcheu ali mnyamata, pa lole imodzi ndi mnzawo a Sixpence. A Sandifolo anali wamfupi wolongolola, a Sixpence wamtali wosalankhula, choncho ankagwirizana bwino kwambiri. Mu mgodi a Sixpence ankapakira miyala ndi fosholo ndi kukankha wilibala, a Sandifolo n'kumakoka zimene mnzawo wapakira. Atapuma pa ntchito ankakhalira bawo pansi pa mtengo wa mapichesi, wina akubera, wina akuona koma osanena kanthu.

Ndiye kunabwera chaka cha 2008, chimene sindifuna n'kuchikumbuka komwe. M'mashopu munali mashelefu okhaokha, petulo ankapezeka m'nkhani basi. Beriyo yathu, bungwe lija lothandizana pa maliro, kale inkachita hayala lole, koma chaka chimenecho anthu tinayamba kuwaperekeza kumanda pa wilibala, kumiyendo kwa bokosi kutatulukira panja. Zinkandipweteka mtima, ndipo mpaka lero ndikaona wilibala ndimatembenuka.

A Sixpence chifuwa cha mu mgodi chitawagoneka, anaitanitsa mnzawo. Ine ndinalipo, ndinapita kukathandiza akazi awo, mayi Betty, kuchapa. Munthu wosalankhula uja analankhula momveka bwino.

"Achimwene, wilibala ndaikankha moyo wanga wonse. Musadzandikwezemo."

A Sandifolo anadziguguda pachifuwa n'kunena kuti iwo ali moyo, mnzawo adzapita kumanda pa injini, dalaivala ali iwowo. Akazi awo, mayi Noria, anandiyang'ana n'kunong'oneza kuti lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

Chimene a Sandifolo ankadalira chinali sikuta ya matayala atatu, yokhala ndi kabokosi konyamulira katundu kumbuyo. Mwana wawo Dorah, yemwe ankachita geni ya ku Botswana, ndiye anaigula, koma petulo atasowa anaisiya kwa bambo ake, nkhuku n'kuisandutsa chogonamo. Tsiku limene ankaisiya anayesa kuwalongosolera, theka m'Chishona theka m'Chichewa, kuti moto uli kudzanja lamanja ndipo buleki ili kuphazi. Bambo ake anamudula pakamwa. Anati mwana wobadwa dzulo sangaphunzitse munthu amene wakoka ngolo zodzaza mumdima. Dorah anangoti zvakanakai, kutanthauza kuti chabwino, n'kukwera basi. Paja safunsa anadya phula.

A Sixpence atatisiya, beriyo inasinthanitsa tambala wamoyo ndi botolo limodzi la petulo kwa anyamata okumba golide. Petuloyo anali wochepa moti panalibe woyesera. A Sandifolo anaphunzira sikutayo ili chozima pabwalo, atakhala pampando mowongoka, injini akuiliza ndi milomo. Anatsikapo akunena kuti n'chinthu cha ana. Bokosi analipanga kuchokera ku wadulopu ya mayi Betty, ndipo poti malemu anali wamtali, linatulukira kumbuyo kwa sikuta. Analimanga ndi chingwe choyanikira zovala, mfundo zake zambirimbiri.

Pali zinthu za loko zimene tonse tinazidziwa mochedwa. Pa loko ya a Sandifolo, ukafuna kupita unkakankhira chogwirira kutsogolo, ukafuna kuima n'kuchikokera kwa iwe. Miyendo inalibe ntchito, inkangoperekeza mwini wake. Ndipo loko sakhotetsa ndi munthu, imakhota ndi njanji. Pa sikuta zonse n'zosemphana: ukapotokolera chogwirira kwa iwe, ndiye kuti wapempha liwiro.

Tsiku la maliro tinandanda bwinobwino. Kutsogolo a Sande, mkulu wa mpingo, atanyamula Baibulo. Kenako sikuta, a Sandifolo atavala jekete ndi chisoti chawo cha mu mgodi. Kumbuyo ife amayi a Chigwirizano ndi malaya athu oyera, mayi Betty tili nawo pakati. Injini inalira bwino, tinayamba nyimbo, a Sandifolo anakankhira chogwirira kutsogolo. Sikuta sinasunthe. Anakankhanso mwamphamvu mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, koma ayi ndithu. Tinamaliza ndime yoyamba tili pamodzimodzi, tinayamba yachiwiri tikuponda malo omwewo.

Apa manong'onong'o anayamba. Kwathu aliyense amadziwa kuti maliro akakhala ndi chifukwa amakana kunyamuka, ndipo ena amakoka owanyamula kupita kumene akufuna. A Sande, ngakhale ndi mkulu wa mpingo, anabwerera n'kuwerama pa bokosi, n'kupempha malemu mwaulemu kuti ngati pali chimene chawakhumudwitsa akhululuke, dzuwa likutentha.

A Sandifolo anaganiza zotsika kuti aone chavuta. Monga dalaivala wosamala, anayamba aimitsa kaye makina, ndiko kuti anakokera chogwirira kwa iwo.

Sindinaonepo a Sande akudumpha chotero. Baibulo linapita kwina, iwo kwina. Sikuta inachoka ngati yalumidwa ndi mavu, a Sandifolo akufuula kuti "Basopa! Basopa!" monga ankachitira mu mgodi. Poona kuti yathamanga, anakoka kwambiri kuti iime, iyo n'kuwonjezera. Buleki inali pansi pa nsapato yawo penipeni, koma phazilo silinauzidwepo kuti lili ndi udindo.

Njira ya kumanda imapatuka kumanzere pa mtengo waukulu wa bulugamu. Atafika pamenepo a Sandifolo anachita zimene anachita moyo wawo wonse: anagwira zolimba n'kudikira kuti akhotetsedwe. Mayi wina wogulitsa tomato pamphambanopo amalumbira kuti anawamva akukalipa kuti wina asinthe njanji. Sikuta inadutsa bulugamu ili chiwongokere, n'kulowa msewu wa ku Gweru.

Ife tinathamanga. Amayi akuluakulu a Chigwirizano, ena odwala mawondo, tinakwinya zitenje n'kuliyatsa liwiro, nyimbo itathera m'khosi. Ndiye wina kumbuyo kwanga anati, mopuma wefuwefu, msewu umenewu ndi umene aliyense wopita kumudzi amayambira. Mawuwo anayenda m'gulu lonse mofulumira kuposa sikuta. A Sixpence akupita kwawo. Agogo ena amene sanaoneko ku Malawi chibwerereni anaima pakati pa msewu n'kuyamba kutuma moni kwa abale awo a ku Dedza.

Tinawapeza patali ndithu, kupitirira kamlatho, pamene petulo anathera. Bokosi linali bwinobwino, chingwe choyanikira chija sichinatichititse manyazi. A Sandifolo anali chikhalire pampando, manja atakanirira pa zogwirira, moti anachita kuwamasula zala chimodzichimodzi. Panalibe amene anatchula wilibala. Amuna anasenza bokosi pamapewa, kulandizana njira yonse yobwerera, ndipo a Sixpence tinawaika dzuwa litapendeka.

Pobwera kumanda, titasamba m'manja pakhomo, a Sandifolo anapezeka kuti asanduka ngwazi. Amuna anawazungulira n'kumati dalaivala wina aliyense akanagwa, koma awa alimbana ndi mzimu mpaka kuugonjetsa. Poyamba ankangogwedeza mutu. Atamwa maheu anayamba kuwonjezera okha, kuti anamva chinthu chozizira chikuwagwira m'zigongono. Dzina lawo linali lisanakwerepo chonchi, ndipo kunena zoona ankamva kukoma.

Ife tinali m'nyumba ndi mayi Betty, ndipo kumeneko zinthu sizinali bwino. Mayi Betty ndi a konkuno, a ku Lower Gweru, Chichewa anachiphunzirira m'banja. Ankadziwa, monga tonse tinkadziwira, kuti a Sixpence ananyamuka ku Ntcheu atasiya mkazi amene anangokhala naye miyezi yochepa. Kumanda sanalire. Tsopano anakhala pamphasa atayang'ana khoma, chakudya osachikhudza, akulankhula motsitsa ngati akudziuza okha. Anati anawaphikira bambowa kuyambira ali mtsikana, anawaberekera ana, anawasambitsa pamene ankalephera kudzuka, ndiye tsiku loyamba kupeza transipoti athawira kwa mkazi wa kumudzi, pamaso pa komboni yonse. Amayi ena anayesa kuwatonthoza kuti mwamuna aliyense amakumbuka kwawo. Kutonthoza kwina ndi kuthira mchere pachilonda, ndipo ndinalakalaka kuwatseka pakamwa ndi chikhatho.

Mayi Noria anatuluka panja. Ndinawaona pawindo akuwakokera amuna awo pambali. Sindikudziwa chimene anawauza, koma a Sandifolo anayang'ana pansi, kapu ya maheu ili m'manja. Kenako anaiika pansi, anavula chisoti, n'kubwera kudzagwada pakhomo pa chipinda cha amayi. Amuna aja anawatsatira poganiza kuti nkhani ya mzimu ikupitirira.

"Alamu," anatero, "achimwene sanakuthaweni. Ndine ndinalakwitsa."

Mayi Betty sanatembenuke. Anati asawanamize ngati mwana, aliyense waona ndi maso.

"Sindikunama, alamu. Chinthu chija sindichidziwa. Pamene ndimati ndikuimitsa, ndimathamangitsa. Ndipo kukhota sindinakhotepo chibadwire. Inkandikhotetsa ndi njanji."

Panja wina anayamba kuseka n'kudzigwira. A Sande anayesa kuwapulumutsa, anati mwina zonse ziwiri n'zoona, dalaivala analakwitsa pang'ono koma malemu nawonso anali ndi maganizo awo. A Sandifolo anakana. Anati za chinthu chozizira m'zigongono zija anangopeka, ndipo mnzawo anagona phee njira yonse monga ankakhalira ali moyo.

Apo mayi Betty anatembenuka. Anafunsa mayi Noria ngati zinali zoona. Mayi Noria anati ngakhale njinga yakapalasa bambowa sanakwerepo, kungoti panalibe amene anafunsa.

"Nenaninso, babamukuru," anatero mayi Betty, kuwatchula alamu awowo m'Chishona. "Mokweza, amve ndi ali kukhitchini."

A Sandifolo anaimirira, bambo wamkulu wa imvi, n'kuyang'ana anthu onse amene kwa zaka zambiri anawadyera nthawi ndi nkhani za udalaivala. Ananena mokweza kuti iwo, Sandifolo, sadziwa kuyendetsa. Ine amene ndinkawaseka masiku onse ndinawamvera chisoni, n'kuwapatsanso ulemu umene ndinali ndisanawapatsepo.

Mayi Betty anayamba kuseka, kuseka kwenikweni mpaka kugwira m'mimba, akuti maiwe, ndiye a Sande anadumphira mu ngalande chabe. Kusekako kunasintha pang'onopang'ono. Anagwira dzanja la mayi Noria, anatchula dzina la amuna awo, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo analira monga amalirira mkazi amene mwamuna wake wamwalira ali wake.