Nsomba za a Gama

Ntchito yanga yoyamba ndinaimvera kutchalitchi kwathu ku Chiosya. Analengeza kuti kwabwera mayi wofufuza za mankhwala azitsamba, ndipo akufuna munthu wodziwa kuwerenga sikelo. Anali Mayi Mbewe, ndipo chitsamba chawo chinali ombwe, uja timasambitsira agalu kuti nkhupakupa zife.

Tinkathyola masamba, kuwayanika pamthunzi, kusinja, kusefa, kenako kuyeza ufawo n'kuuviika m'mabotolo, ena a madzi, ena a sipiriti. Iwo anandiuza kuti mphamvu ya ombwe si yamtundu wa chikonga cha mufodya. Ndi mankhwala ena otchedwa rotenoni, olepheretsa tizilombo kupuma.

"Zotsala uzithira m'dzenje, mwanawe," ankatero. "Pamadzi ayi."

Tsiku lina dzuwa litaswa mtengo, ndinachita ulesi. Ndinakhuthulira ndowa zitatu za zotsalazo m'ngalande.

M'mawa mwake kunachita nkhungu. Podutsa pa dziwe la nsomba la a Gama, kumunsi kwa ngalandeyo, ndinapeza anthu ataima duu. Dziwe lonse linali mbee, mimba za nsomba zokhazokha. Makumba anayandama chagada, kukamwa yasa, opanda bala. Ena ankazungulirabe pang'onopang'ono. Ngakhale chule sanalire.

"Awa si matenda," anatero a Gama motsitsa mawu. "Pali dzanja la munthu apa."

Maso onse anatembenukira kwa a Sakala, bambo wokalamba amene ankalimbirana nawo malire a dimba. Iwo anavula chipewa. Mwamuna wina anatola mwala.

"Ndine, bambo!"

Mawu anga ananditulukira ngati a munthu wina. Sanandikhulupirire. "Wakutuma ndani kuti uwaikire kumbuyo?" anandifunsa.

Ndinathamanga kukaitana Mayi Mbewe. Atafika, anaika nsomba yamoyo ya kumtsinje m'beseni, n'kuwazamo ufa wa ombwe. Tonse tinaunjikana. Nsombayo inabwera pamwamba kudzasaka mpweya, inapendekeka, kenako inagadama. Mwala uja ndinaumva ukugwa pansi.

Ndinatha milungu itatu ndikuphwetsa dziwelo ndi khasu ndi ndowa. Ntchito sanandichotse. Koma a Sakala palibe anawapepesa, ndipo mvula isanagwe anasamukira kwa mwana wawo ku Chipata.

Lero ndimagwira ntchito m'labotale, ndipo ndikalakwitsa ndimanena nthawi yomweyo. Ndinaona ndekha kuti chinthu chikafa popanda bala, anthu sachedwa kupeza wochipha.