Magulovu a m'kabati ya ba Sista

Masiku amene mafakitale a ku Kafue ankatsekedwa limodzilimodzi, ine ndinali namwino pa kiliniki ina m'tauniyo. Boma linati aliyense adzionere yekha, ndipo ife tinadzioneradi. Magulovu oyenera kuvala kamodzi n'kutaya, ife tinkawachapa, kuwawiritsa, n'kuwayanika pa waya kuseri ngati matewera. Akauma unkauzira mpweya m'kati n'kuika pa tsaya kuti umve ngati labowoka. Kabowo kakakhala kakang'ono, unkangoti Mulungu alipo, n'kuvala.

Sikuti atsopano kunalibe, ayi. Analipo mabokosimabokosi m'kabati ya ba Sista, mkulu wathu, kiyi ali pa chingwe m'khosi mwawo. Ankati ndi a odwala olipira, aja a m'chipinda cha makatani, komanso a tsiku lobwera alendo ochokera ku Lusaka. Ukapempha ankakuyang'ana kuyambira kumapazi, n'kufunsa ngati manja ako ndi agolide.

Mnzanga wapamtima anali mzamba, mwana wa asodzi a ku Chanyanya. Mkazi wansangala uja! Amuna ake anali atachotsedwa ntchito ku fakitale, malipiro athu nawo ankabwera pamene afunira, ndiye Loweruka ankapalasa njinga kukapikula nsomba kwawo, n'kuzipala yekha kuti agulitse ku Estates, dera la nyumba za ogwira ntchito m'mafakitale. Minga ya nsomba inkamucheka, moti Lolemba ankafika zala zili mabala okhaokha.

Tsiku lina masana anabweretsa mayi wina pa wilibala, wowonda, zilonda m'kamwa, magazi ali chuchuchu. Mwana anali atabadwira kunyumba koma zotsalira zitakana kutuluka, ndipo pankafunika kulowetsa dzanja. Mnzanga anathamangira kwa ba Sista kukapempha magulovu atsopano, n'kuwaonetsa zala zake. Ine ndinali pomwepo, ndinamva ndi makutu angawa.

"Wa pa wilibalayo walipira?" anatero ba Sista. "Tengani a pa waya."

Anatenga a pa waya. Gulovu linang'ambika dzanja lili m'kati, koma sakanaleka, mayiyo akanafera pabedi. Atatulutsa mkono, magazi anali atalowa mpaka m'zikhadabo. Anasamba ndi sopo wochapira zovala mpaka khungu kutuwa, n'kumandiseka kuti ndisiye nkhope ya maliro. Mayi uja anapulumuka tsikulo, koma chaka chisanathe tinamva kuti anamuika m'manda, mwana pambuyo pake.

Patapita zaka zingapo yunifomu inayamba kumukulira mnzanga. Chifuwa chosatha, kutsegula m'mimba, tsitsi kunyonyoka. Anali kaliondeonde, amene tinkangoti matenda a masiku ano. Mankhwala ake tinkangowamva kuti ali kumayiko a anthu olemera.

Apa ndi pamene ndinawadziwa anthu. Anamwino anzathu, ophunzira bwinobwino, anapatula kapu yake ya tiyi. Ankanong'onezana kuti maulendo a ku Chanyanya aja sanali a nsomba zokha, ati msodzi sapatsa mkazi nsomba yaulere. Ndikawakumbutsa za gulovu lija ankati ndikumuikira kumbuyo. Amuna ake, amene anadya nsomba zomwezo zaka zonse za ulova wawo, anakaimirira kutchalitchi chawo chatsopano chosonkhana m'kalasi ya sukulu, n'kuchitira umboni kuti Mulungu wawaululira tchimo la m'nyumba mwawo. Kukayezetsa anakana. Ana anawatenga n'kukawasiya kwa mlongo wawo ku Lusaka. Ndinapsa mtima mpaka kudwala, ndipo mtimawo sunazizirebe.

Mnzangayo sankafuna zambiri. Za kuchira anali atazisiya kale. Ankangofuna kuti ba Sista anene pamaso pa amuna ake zimene zinachitika tsiku lija, kuti ana ake asakule akumva kuti mayi wawo anali hule. Ba Sista ndinakawapempha ine, mpaka kugwada, ine wosagwadira munthu. Anati sakukumbukira, odwala a pa wilibala ndi ambiri.

Sabata yake yomaliza tinamugoneka m'kiliniki mwathu momwemo, pa bedi la pakhomo. Mitsempha inali itabisala, ndinalephera kuika diripi, ndipo wodziwa kupeza mtsempha kuposa tonse anali ba Sista. Ndinakawaitana. Mnzanga atawaona akubwera anayesa kudzuka, n'kundipempha ndimukonze duku, poganiza kuti abwera kudzavomera.

Ba Sista anaima patali, n'kumuyang'ana mikono. Anavula kiyi m'khosi, anapita ku kabati, tinamva bokosi likung'ambidwa. Anabwerera atavala magulovu atsopano, oyera mbee, ena pamwamba pa ena. Mnzanga ankangoyang'ana manjawo pamene ankamugwira.

"Kodi kanshi ine ndalipira, ba Sista?" anafunsa chapansipansi.

Ba Sista anangoweramira pa mkono wake. Mtsempha anaupeza kamodzi kokha, diripi inayamba kudontha. Kenaka anavula magulovuwo mosamala, n'kuwaponya mu ndowa ya zokatentha, natembenukira kwa ine.

"Awa musachape," anatero.