Galu wa Sagrario M'minda ya Tirigu

Sagrario ndinamuphunzitsa ali kamtsikana, ndipo sankamvera. Lero ali ndi imvi, amagwira ntchito ku fakitale ya tchizi kunja kwa mudzi, ndipo samverabe. Nyumba yake ndi yanga zinalekanitsidwa ndi khoma limodzi. Kuseri kwa khomalo kumakhala agalu a mtundu wa galgo, aatali miyendo, oonda ngati mafupa ovekedwa chikopa. Chaka china anandidyera nkhuyu zonse zomwe ndinayanika pakhomapo, ndipo mwini wake sanapepese mpaka lero. Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asaganize kuti ndikumukometsera mbiri.

Agaluwo si ake. Amuna a m'mudzi muno amaweta galgo kuti azisakira akalulu, ndipo nyengo yosaka ikatha mu Febuluwale, galu amene liwiro lamuchepera sapatsidwanso chakudya. Ena amakatayidwa ku minda ya maolivi, ena amachitidwa zomwe sindingalembe pano. Sagrario amatola opulumukawo. Amawatsuka mabala, amawagoneka pa sofa ya malemu amayi ake, amawazoloweretsa masitepe ndi tsache, ndipo akachira amawapezera mabanja ku Madrid ngakhale kunja kwa dziko. Agaluwo akapita iye amalira, kenako amakatolanso ena. Ku bala ya mowa ya pabwalo amamutcha mayi wa agalu, ndipo amati mwamuna wake anathawa utitiri.

Ceniza, galu wamkazi wotuwa, anamupeza mu ngalande m'mbali mwa njanji. Pakhosi pake panali bala la mpeni, pamalo pomwe dokotala wa ziweto amalowetsa kachipangizo kosonyeza mwini galu. Amene anakachotsa sankafuna kudziwika. Galuyo akaona mwamuna wovala kapu ankadzikodzera. Ine ndinkachita kuvula kapu pakhomo panga pomwe, chifukwa cha galu wa eni.

Atachira, banja lina la ku Madrid linabwera kudzamutenga. Sagrario anali atawauza pafoni kuti mutu wa galgo ndi wowonda kuposa khosi lake, choncho lamba wamba wa m'khosi amavuka ngati sokosi. Bambo wa banjalo anamva, koma anabwera ndi lamba wake wofiira wachikopa, wolembedwa dzina la galuyo ndi zilembo zagolide. Sagrario atalowa m'nyumba kukatenga malamba a m'chifuwa, bambo uja anamveka galu lamba wofiirayo nkutuluka naye mumsewu kuti amujambule. Njinga yamoto inadutsa. Ceniza anangobwerera m'mbuyo kamodzi, bambo nkutsala atagwira lamba wopanda galu.

Kummwera kwa mudzi wathu kuli minda ya tirigu, ndipo minda ikatha pali msewu waukulu wopita ku Andalusiya, womwe malole sadukiza. Mpanda wa waya wa msewuwo unang'ambika kalekale pafupi ndi mlatho. Ndinalembera akhonsolo kangapo konse za mpandawo, sanandiyankhe. Ceniza anakakhazikika m'minda imeneyo.

Galgo woopa sathamangitsidwa, ndipo palibe munthu angamupeze pa liwiro. Sagrario anayenda khomo ndi khomo kupempha anthu kuti akamuona asamuitane, asamuyang'ane, asamuponyere kanthu. Pa kanyumba kakugwa ka pakati pa minda ankasiyapo nyama ya nkhuku yootcha, madzi, ndi juzi yake yosachapa, kuti galuyo azolowere malo amodzi kufikira tsiku lotchera khola la msampha. Ine anandisandutsa mlonda osandifunsa nkomwe.

"Aphunzitsi, inu tsiku lonse mumangokhala padenga kuyang'ana zolakwa za anthu," anatero akundipatsa magalasi oonera patali. "Yang'ananiko zaphindu."

Ndinkamuona galuyo m'mawa uliwonse, kadontho kotuwa pa tirigu wobiriwira. Nkhukuyo ankadya, koma sankagona pakanyumbapo. Tsiku ndi tsiku ankasendera kufupi ndi msewu, pomwe madalaivala amataya zotsala za chakudya. Sagrario asanapite kuntchito ankayenda m'mbali mwa mpanda akusuzumira mu ngalande, ndipo pobwera ankangokweza dzanja kundiuza kuti sanapezemo kanthu. Nkhope inamugwa. Agalu ena aja anasiya kuwatulutsa.

Lamulungu, Misa itatha, Sagrario ali kuntchito, ndinaona amuna akutuluka mu bala atavala nsapato za kutchire. Patsogolo panali Fulgencio, mkulu wa alenje, amenenso ndinamuphunzitsa. Ali mwana anathira inki m'chipewa changa, ndipo bambo ake anaseka nditakawauza. Ndinatsika msanga mmene mawondo anga akanalolera, nkukawapeza kumapeto kwa mudzi.

"Mukupita kuti?"

"Kukathandiza mayi wa agalu, aphunzitsi," anatero Fulgencio. "Sabata yonse akudyetsa nkhandwe nkhuku yootcha. Ife pofika nkhomaliro tikhala tamugwira."

"Anakuuzani kuti musayandikire."

"Ife tinabadwira m'agalu amenewa. Iye anawadziwira pa foni." Anzake anaseka. "Inu bwererani padenga, mungagwe m'matope, tikavutike kunyamula awiri."

Anachita chomwe amachidziwa. Anatambasuka m'munda mu mzere umodzi, motalikirana, nkuyamba kuyenda pang'onopang'ono, monga amachitira povumbulutsa kalulu. Sanaganize kuti kwa galgo mzere umenewo uli ndi tanthauzo limodzi lokha, loti nthawi yothamanga yakwana. Sanaganizenso kuti kutsogolo kwa mzere wawo kunali msewu.

Ndinaimbira Sagrario foni.

Ceniza anadzuka mu tirigu, anayang'ana makapu aja, nkuuyatsa. Sindinaonepo chinthu chokongola chotero chomwe ndinkafuna kuti chiime. Analunjika pa mlatho, anadutsa pong'ambika paja, nkukwera chitunda cha msewu. Lole inaliza hutala. Ndinatseka maso. Nditatsegula anali ataima pamwamba pa chitundacho, m'mphepete mwenimweni mwa phula, mphepo ya malole ikumugwedeza.

Galimoto ya Sagrario inafika ikudumpha m'mabampu. Anatuluka atavala jombo zoyera za ku fakitale, kaneti kophimba tsitsi kakadali kumutu. Sanakuwe. Anayenda kutsogolo kwa mzere uja akulankhula ndi mawu apansi.

"Khalani pansi. Nonse. Vulani makapu, muyang'ane kumudzi."

"M'matope muno?" wina anafunsa.

"Saturnino, ukayankhulanso ndikauza mkazi wako komwe umapita Lachinayi."

Saturnino anakhala. Onse anakhala, ndi zovala za kutchalitchi. Inenso ndinakhala, osadziwa kuti ndidzuka bwanji.

Galuyo sanatsike. Ankayenda uku ndi uku m'mbali mwa phula, akuyang'ana tsidya lina. Sagrario anagwada chomufulatira, nkhuku ili m'manja. Lole iliyonse ikamabwera ndinkaganiza kuti imugunde ndi imeneyi. Fulgencio anali pambali panga, akuzula tirigu ndi zala.

"Satsika chifukwa cha nkhuku ameneyo," anatero motsitsa. "Sanayendepo yekha. Amamasulidwa limodzi ndi m'bale wake, wakuda. Chibadwire amagona mutu pamsana pa mnzake."

Alenje amamasula agalu awiriawiri, pa chingwe chimodzi cha malamba awiri. Zimenezo aliyense amazidziwa. Koma kuti galu wotayidwa mu ngalande ankamasulidwa ndi galu uti, wodziwa ndi mmodzi yekha, mwini wake. Amuna onse anayang'ana pansi.

Sagrario anatembenuza mutu pang'ono. Ndinadikira kuti amufunse za mpeni uja.

"Ali kwanu wakudayo?"

"Ali kwathu."

"Tenga galimoto yanga. Usathamange kufikira utafika pa maolivi."

Sindikudziwa kuti tinadikira nthawi yaitali bwanji. Kamodzi Ceniza anaponda phula ndi miyendo yakutsogolo, ndipo ndinamva Saturnino akutchula Mayi Maria. Fulgencio anabwera wapansi, galimoto ataisiya pa maolivi, kapu ili m'thumba, akukoka galu wakuda pa chingwe cha malamba awiri, lamba mmodzi akulendewera. Sagrario analandira chingwecho, anayenda chammbali kufika patsinde pa chitunda, nkukhala pansi.

Wakudayo ananunkhiza mphepo, kenako analira kamawu kakang'ono ngati chitseko chosathira mafuta. Ceniza anaima chilili. Anatsika pang'ono, anabwerera, anatsikanso. Potsiriza anabwera chokwawa, mimba ili pansi, nkulowetsa mphuno kunsi kwa khosi la m'bale wake. Sagrario sanamuyang'ane. Dzanja lake lokha ndi lomwe linayenda, mpaka lamba wachiwiri uja anatsekeka.

Titafika pa galimoto, Fulgencio anatambasula dzanja kuti atenge galu wake.

"Uyu wakwanitsa zaka zingati?" Sagrario anafunsa.

"Zitatu. Akadathamangabe."

"Mpaka Febuluwale."

Fulgencio anayang'ana anzake, anayang'ana bala la pakhosi pa Ceniza, nkubweza dzanja m'thumba.

"Sadya buledi wouma," anatero. "Uzimunyowetsera."

"Zikomo, Fulgencio."

Anamuthokoza! Madzulo ake ndinamuuza pakhoma kuti mboni zilipo zodzaza munda, ine ndiperekeza kupolisi, ndipo mawu ndiyala ndine.

"Aphunzitsi, Febuluwale akubweranso," anatero. "Ndikufuna azidzagogoda pakhomo panga. Ndikawatengera kupolisi adzapita ku maolivi ndi mpeni, ndipo sindidzawapezanso agaluwo."

Ndinamuuza kuti akulakwitsa, ndipo ndikuterobe. Banja la ku Madrid Sagrario analiuza kuti litenge onse awiri kapena lisatenge aliyense. Linatenga onse, atamangidwa malamba a m'chifuwa ndi manja a Sagrario, ndipo lamba wofiira uja anamuponya mu bini bamboyo akuona. Mpanda wa pa mlatho sunakonzedwebe. Fulgencio akandipatsa moni pabwalo sindiyankha, ndipo thalauza langa la Lamulungu silinayerenso.