Tsiku Limene Tinabisa Utsi

Ndikukumbukira ndili Sitandade 5 ku Ntaja pamene kunabwera mayi wina wa ku yunivesite, wofufuza za mpweya umene anthu timapuma. Ankayenda khomo ndi khomo kuseri kwa msika, kuveka ana kachikwama kokhala ndi kamakina kolira ngati udzudzu. M'kati mwake munali kapepala koyera kozungulira. Anati kapepalako kagwira utsi ndi fumbi lonse limene mwana apume tsiku limenelo, ndipo ana a m'nyumba zimene kapepala kade kwambiri adzawatenga pagalimoto kukawapima m'chifuwa kuchipatala chachikulu.

Kwathu anaveka ine. Amene ankatsokomola anali mng'ono wanga Asiyatu, koma anali wamng'ono kwambiri, sakanatha kusenza kachikwamako.

Amayi ankakazinga mandasi m'kakhitchini kopanda zenera. Nkhuni zikakhala zaziwisi ankakolezera majumbo ndi masilipasi akutha. Utsi wake unali wakuda, wowawa pakhosi, ndipo Asiyatu ankakhala momwemo, pambali pa chiwaya, tsiku lonse.

Mayi uja atangokhota pakona, amayi anandikoka dzanja.

"Iwe Patuma, tuluka muno. Kakhale kudimba mpaka madzulo."

"Komatu anati ndikhale monga ndimakhalira masiku onse."

"Iyayi. Ukufuna anthu a m'tauni akatinene kuti ndife auve? Kanthu kameneko ndi mlendo. Unandionapo ndikulowetsa mlendo m'khitchini?"

Tsiku limenelo sanakazinge. Anasesa, nawaza madzi pabwalo kuti fumbi ligone. Ine ndinakatandala pakati pa mpiru ndi tomato, kamakina kakulira kumsana. Ndinkakhala, kudzuka, kuzungulira chitsime, kukhalanso. Mphepo inali yabwino moti inkandinyansa.

M'mawa mwake mayi uja anatsegula timakina pamaso pathu. Kapepala ka Yusufu, mwana wa khomo loyandikana ndi lathu, kanatuluka kakuda ngati kunsi kwa chiwaya. Kathu kanali mbee, ngati mpango wa pa Idi.

"Mayi, nyumba yanu ndi yachitsanzo," anatero mayi uja.

Amayi anamwetulira mpaka mano onse kuoneka. Ine ndinatsegula pakamwa, iwo ananditsina pantchafu, ndinatseka.

Galimoto inadzatenga Yusufu ndi abale ake. Anabwerako ndi mankhwala opopera m'kamwa. Asiyatu anatsala pakhonde akutsokomola, akubayibitsa galimotoyo. Sindikunena kuti akanachira. Sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti palibe anamuyika chomvera pachifuwa chaka chimenecho, ndipo mpaka lero akakwera kachitunda amaima, manja m'chiuno, kufunafuna mpweya.

Ine sukulu ndinasiyira Fomu 2. Pano ndimakazinga tchipisi padepoti ya Balaka, maminibasi akundipemerera utsi kumaso kuyambira m'mawa. Mayi uja ndimamumva pawailesi, akuti tsopano ndi pulofesa. Sindimuda. Analemba zimene tinamupatsa. Amayinso sindiwada kwenikweni, anaphunzitsidwa kuti umphawi umachapidwa alendo asanafike.

Koma ulemu umenewo ine ndinathana nawo. Ndinaona ndi maso anga kuti wobisa vuto lake amayamikiridwa, kenako n'kusiyidwa. N'chifukwa chake anthu padepoti amati ndine wamwano. Ukandifunsa kuti ndili bwanji, ndimakuuza kuti chifuwa chikundiwawa, maso akuyabwa, ndipo ndatopa. Ngati sunafune kumva, usafunse.