Kagalimoto ka a Mulipa kankathawira kumanzere

Lachiwiri lapitali ndinapatsidwa galimoto. Musathamangire kundipempha lifiti, chifukwa galimotoyo ndinafika nayo kunyumba itakwana m'jumbo.

Ndi kagalimoto ka mpikisano, kofiira, koyendetsa ndi limoti. Limoti yake ili ngati kamfuti: chala chimodzi chimakoka kuti kathamange, dzanja linalo limapotokola kachiwongolero kam'mbali. Anandipatsa ndi a Mulipa, aneba anga kuno ku Chinamwali.

A Mulipa anakalambira pa chiwongolero. Ankayendetsa malole a matabwa kutsika nawo phiri la Zomba, ndipo amene munakwerako ku Chawe mukuudziwa msewu uja mmene umapindikira. Mvula, nkhungu, katundu wodzaza mpaka pamwamba, iwo ankatsika osakhudza mwala. Chaka chatha sitiroko inawagwira, dzanja lamanja linafooka. Kuchipatala anawauza kuti azipita kumafizo, kokalimbitsa dzanjalo, Lachinayi lililonse, ndipo kunyumba azifinya kampira.

"Ine ndizifinya mpira ngati khanda?" anakana a Mulipa.

Mwana wawo Tiyamike, amene amagwira ntchito ku Joni, amawadziwa bwino bambo ake. Sanalimbane nawo. Anangotumiza kagalimoto kaja. Dalaivala mukam'patsa chiwongolero, zala zimadzuka zokha.

Masiku oyamba zinkayenda. Madzulo alionse dzuwa likapendeka, a Mulipa ankakhala pakhonde, kagalimoto kakuzungulira mtengo wa peyala, fumbi lili koboo. Ndinawamvanso akuseka, chinthu chimene tinali titachiiwala pamzere wathu uno.

Kenako kagalimoto kanayamba kuthawira kumanzere. Akati kapite kutsogolo, iko kakhotera kumpanda. Akabweza kumanja mwamphamvu, kakagunda ndowa. Tsiku ndi tsiku chimodzimodzi, kwa milungu itatu.

Ife tinkaona. Mayi Mulipa ankaona, ine ndinkaona, ngakhale akabaza oima pakona ankaona. Ndipo tonse maso athu ankagwera pamalo amodzi: dzanja lija, likunjenjemera pa kachiwongolero. Palibe ananena. Ine ndinkangoti, "Zikhala bwino, bambo, pang'onopang'ono." Mawu otonthoza amene timawanena tikakhala kuti mumtima tagamula kale.

Kodi panapezeka mmodzi woti, "Tabweretsani limotiyo ndiyeseko"? Ayi. Ungalande bwanji limoti kwa munthu wamkulu, wodwala, dalaivala wa zaka zonsezi? Zikanaoneka ngati ukufuna kuwaonetsa kuti iwe wamanja abwino ukutha. Mayi Mulipa nawonso anali ataletsa aliyense kukhudza. Ankati amenewa ndi mankhwala a abambo, si chidole.

Lachiwiri lija a Mulipa anandiitana. Kagalimoto kanali kale m'jumbo.

"Aneba, katengereni adzukulu anu aka."

"Bwanji kodi, bambo?"

"Poyamba kankandimvera. Pano kakukana. Ndiye kuti dzanjali likubwerera m'mbuyo. Kumafizo kuja ndikungovutitsa anthu, Lachinayi sindipitanso."

Mayi Mulipa anali chiimire pachitseko, akupukuta mbale youma kale. "Ndalankhula mpaka pakamwa pauma," anatero. "Mwina inu akumverani."

Sanandimvere. Ndinanyamula jumbo n'kutuluka. Munthu amene ankatsitsa lole paphiri anagonja ndi kanthu kokwana m'jumbo.

Tsopano ndiulule. Adzukulu anga ali ku Lilongwe, ndipo mwana wamwamuna sakula. Nditafika kwanga ndinatseka geti, kuyang'ana uku ndi uku, n'kukaika pansi. Ndinakoka chala. Kagalimoto kananyamuka ngati kaba chinthu, kanakhotera kumanzere, n'kukalowa mu tomato wa akazi anga.

Ndinayesanso. Kumanzere. Kachitatu, kumanzere.

Ndinayang'ana manja anga. Onse awiri ndi abwinobwino, kungoti ndi aulesi.

M'mawa mwake ndinakwera kabaza kupita kumsika wa m'tauni, kwa Asiyatu, mtsikana amene amakonza mafoni ndi mawailesi pakabenchi kake. Foni yanga waiukitsa kawiri. Ataona kagalimoto anaseka.

"Ankolo, ukalamba wake ndi umenewu?"

Ndinamufotokozera. Anasiya kuseka. Anavomera kuti chinthu chotere sanachitsekulepo, koma anati chilichonse chokhala ndi batire chimayankha ukachifunsa bwino.

Anakakhazika pachitini chamkaka kuti matayala alendewere m'mwamba. Anayatsa limoti, kenako kagalimoto, n'kuchotsa manja ake onse.

"Taonani, ankolo. Ndani wagwira chiwongolero?"

Palibe. Koma matayala akutsogolo anali atapenya kale kumanzere.

Anayamba ndi zapafupi. Anasintha mabatire, chifukwa akafooka chiwongolero chimachita ulesi. Sizinasinthe. Anandionetsa kabatani kozungulira pa limoti, kamene ntchito yake ndi kuwongola matayala akapendekeka pang'ono. Anakapotokola mpaka kumapeto, matayala anangobwerako theka. Pamenepo anakabwezera pakati, n'kuvundukula chigoba chofiira chija.

M'kati muli kamota kakang'ono, ndipo pamutu pake pamakhala kamkono kokhala ndi timano. Kamkonoko ndi kamene kamakankha tizitsulo topita kumatayala. Asiyatu anawunika ndi tochi ya foni, nkhope ili pafupi ngati akuchotsa thekenya.

"Aka kanagunda chinthu cholimba," anatero. "Kamkono kanalumpha dzino, ndipo kachitsulo aka kapindika."

Ndinakumbukira sitepe ya simenti ya pakhonde la a Mulipa.

Anamasula, kukhazika kamkono pamalo pake, kuwongola kachitsulo ndi pulayasi, kumanganso. Osapupuluma. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Atayatsa, matayala anapenya kutsogolo, ndipo kagalimoto kanadutsa pakati pa mabenchi mowongoka mpaka mayi wogulitsa mandasi anakweza miyendo.

Pobwerera pa kabaza ndinkadzifunsa. Milungu itatu. Ntchito imene mtsikana uja waigwira tiyi wanga asanazizire. Chinatilepheretsa n'chiyani?

Si umbuli. Ndi khalidwe lathu lija: munthu akadziwika ndi chofooka chimodzi, chilichonse cholakwika timachikoleka pomwepo. Mvula ikakuona litsiro sikata. Agogo amene anaiwalapo kamodzi pamene anaika makiyi, akadzati chitseko ichi chikuvuta, timati ndi ukalamba, osapita kukayesa loko. Mwana amene anabwerezapo kalasi akati sakuona pabolodi, timati ndi ulesi, osamuyezetsa maso. Mayi amene anadwalapo nkhawa akati mutu ukundipweteka, timati ayambanso maganizo aja. Ndi angati amene tawatonthoza mpaka kumanda, pamene chofunika chinali kungovundukula chigoba?

Ndipo choopsa n'chakuti mwini wakeyo amayamba kutikhulupirira. Sitinanene ndi pakamwa kuti vuto ndi dzanja la a Mulipa, koma maso amalankhula. Iwo anawerenga nkhope zathu n'kusaina chigamulo.

Ulemu ndi wabwino, musandimve molakwa. Ndinaleredwa nawo ndipo ndidzafa nawo. Koma pali ulemu wina umene ndi mantha chabe atavala jekete. Ndinkaopa kuwachititsa manyazi a Mulipa kwa mphindi imodzi, ndiye ndinawasiya akudziimba mlandu milungu itatu. Ndikanangoti, "Bambo, tandiphunzitsaniko kuyendetsa," kagalimoto kakanagunda mpanda m'manja mwanga, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Manyazi akanakhala anga, ndipo ine ndili nawo malo owasungira.

Ndinawapeza a Mulipa pakhonde, dzanja lamanja atalibisa pansi pa lamanzere.

"Adzukulu akakana?"

"Bambo, dzulo ndinakayendetsa ine. Kanathawira kumanzere."

Anadzutsa mutu. "Nanunso?"

"Katatu konse. Tomato wa mayi akunyumba ndi mboni."

Ndinawafotokozera za chitini chamkaka, za kamkono kolumpha dzino, za sitepe yawo. Sanaseke. Anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Lole ikamakoka mbali imodzi," anatero, "umafika pamalo athyathyathya, n'kusiya chiwongolero pang'ono, uone kumene ikulowera yokha. Ikakhota, vuto si iwe. Ndaphunzitsa madalaivala angati zimenezi, aneba? Koma pa ine ndekha sindinaziganize n'komwe."

"Mayi ake a Tiya!" anaitana. "Tabwerani mudzaone."

Anaika kagalimoto pansi. Anakoka chala cha kumanzere, dzanja lamanja ali nalo pabondo. Kanapita mowongoka mpaka pageti. Kenako anakweza dzanja lodwala lija, kugwira kachiwongolero, n'kukatembenuza. Pobwerera kankagwedezeka pang'ono, uku ndi uku, ngati njinga ya wophunzira. Sindinganame kuti dzanja linachira Lachitatu limenelo. Koma kanazungulira peyala, kanazemba ndowa, n'kudzaima pamapazi awo.

"Kugwedezekaku ndi kwanga," anatero a Mulipa. "Ndikukuvomera, ndipo ndilimbana nako. Koma kumanzere kuja sikunali kwanga."

Mayi Mulipa analowa m'nyumba mofulumira. Anati akukaona madzi pamoto, koma mbaula inali panja pomwepo, yozima.

Lachinayi m'mawa ndikutsuka m'kamwa kuseri, ndinamva belu la kabaza pageti lawo, kenako mawu a a Mulipa akumukalipira wakabazayo kuti tayala lake lakutsogolo lapendekeka. Ndinadziwa kuti akupita kumafizo.

Galimoto yanga ija ndinaibweza, moti ndabwerera kuyenda wapansi. Sindikudandaula.

Koma inu, kwanuko, ndani amene mwakhala mukumuuza kuti "zikhala bwino" maso anu ali padzanja lake? Limoti yake munaigwirapo?